Pikapu yakale imadzuka ndi chesesi, penti ndi yomalizira

Munthu akamayenda kuchokera pa Mpingu kudutsa pa Msundwe mpaka pa Namitete, kapena akalowera cha ku Nsaru ndi kwa Kabudula, salephera kuona pikapu yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mwini wake akafunsidwa amayankha kuti ikukonzedwa. Zina zimadzukadi n'kuyamba kusenza mtedza kupita ku Mgona. Zina zimaolera pomwepo, pamodzi ndi mpamba wa golosale umene unalowa m'menemo.

Maganizo ogula galimoto yakufa n'kumaidzutsa pang'onopang'ono pakhomo si oipa ayi. Wogula mbewu m'midzi ya ku Nambuma amadziwa kuti phindu lake lalikulu limathera kwa mwini matola, amene amalipitsa pa thumba, nabwera tsiku limene wafuna yekha. Kuitanitsa galimoto kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe kunafika patali kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamwamba pake pali msonkho wa MRA. Choncho Toyota Hilux yakale, Isuzu KB, Nissan Hardbody kapena kaNissan 1400 kamene kanagona kwa neba zaka zisanu kamaoneka ngati njira yachidule.

Galimotozi zili ndi ubwino wake weniweni. Mulibe kompyuta, choncho makaniko wa pa Nsaru amene ali ndi masipanala ndi khutu labwino amatha kuzimva pamene zikudwala. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, ndipo zitsulo zake sizinasowe pamsika. Injini za dizilo za Toyota zimene amazitcha 2L, 3L ndi 5L, komanso za petulo za 3Y ndi 4Y, amazidziwa ngati chikhatho chawo amakaniko a ku Biwi ndi ogulitsa masipeya mu Malangalanga. Vuto si galimoto. Vuto ndi ndondomeko imene ndalama zimalowera m'galimotomo, chifukwa ambiri amayamba ndi zooneka ndi maso.

Choyamba kugulidwa chimakhala penti, zomata za pagalasi, wailesi ndi dzina lolembedwa kumbuyo. Pikapu imawala ngati ya ukwati, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Choyenera kuyambirira sichifuna ngakhale sipanala: bulubuku. Nambala ya chesesi ndi ya injini zolembedwa m'menemo zifanane ndi zimene zadindidwa pachitsulo, ndipo wogulitsayo akhale mwini wake weniweni wokonzeka kupita nawo ku Road Traffic kukasintha umwini. Galimoto zambiri zogona m'midzi ndi za malemu. Mwana mmodzi akagulitsa abale ena osadziwa, wogula amadzaona mlandu kwa amfumu galimoto itadzuka kale, ndalama zake zili m'kati. Galimoto yopanda mapepala, ngakhale itatchipa bwanji, mtengo wake ndi wa zitsulo zakale zoyeza pasikelo.

Mapepala akalongosoka, munthu agone pansi ndi nyundo ndi tochi. Chesesi ndi msana wa pikapu. Chimaola kwambiri kuseri kwa kebini ndi pamene pamagwira masipuling'i a kumbuyo, chifukwa matope a dzinja amakhazikika m'menemo osauma. Chitsulo chamoyo chikamenyedwa chimalira bwino, chowola chimamveka ngati mphika wosweka ndipo dzimbiri limayoyoka. Bodi yoola ndi feteleza kapena mchere wa usipa si nkhani, wowotcherera aliyense amaika malata atsopano. Chesesi chimene chinathyoka n'kulumikizidwa mongogundanitsa, popanda chitsulo chochirikiza m'mbali, chidzathyoka pomwepo tsiku limene galimoto yadzaza. Ngati chapindika moti galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu, ntchito ithere pomwepo. Palibe injini imene ingawongole zimenezo.

Pali nkhani ya masipuling'i, imene ndi mtima wa kusintha konse kumene amalonda amachita. Pafupifupi aliyense wodzutsa pikapu amapita kwa wowotcherera kuti awonjezere masamba awiri kapena atatu kumbuyo, ena mpaka kutenga a Dyna kapena Canter. Cholinga n'chodziwika: galimoto isakhale pansi ikasenza. Ndipo imaoneka yowongoka ndithu, moti mwini wake amakhulupirira kuti tsopano ili ndi mphamvu ziwiri.

Hilux yakale ya kebini imodzi inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a chimanga kapena soya olemera makilogalamu 50. Nissan 1400 imapitirira pang'ono theka la tani, kutanthauza matumba 11 kapena 12. Masamba owonjezera sasintha chiwerengerochi. Amangobisa chizindikiro chimene chikanachenjeza dalaivala. Ekiselo ndi yomweyo, maberingi a magudumu ndi omwewo, mabuleki ndi omwe aja anapangidwira tani imodzi. Matumba 35 akakwera, pamwamba pake n'kukhala anthu asanu ndi mbuzi, kulemera kumene masipuling'i akukana kumakagwera chesesi ndi shafuti. Shafuti ya kumbuyo ikaduka pa galimoto zoterezi, gudumu limatha kutuluka lonse n'kumagubuduka lokha patsogolo. Zikachitikira pa mtsetse wolowera pa mlatho, tsiku la msika, nkhani sikhalanso ya malonda.

Ena adzati popanda kudzaza choncho ulendo sulipira. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo ndi pamene wamalonda ayenera kutenga cholembera asanagule n'komwe galimoto. Pikapu ya dizilo imene ili bwino imamwa pafupifupi lita imodzi pa makilomita 10, ndipo pamsewu wafumbi itadzaza imamwa koposa. Ulendo wa makilomita 100 kupita ndi kubwera ndiye malita 10 kapena 12. Munthu awerengere mtengo wa mafuta wa sabata imeneyo, awonjezere malipiro a dalaivala ndi onyamula, chiphaso cha pamsika, ndi kangachepe kosungira matayala, oyilo, inshulansi ndi COF. Zonsezo agawe ndi matumba 20. Ngati chimene chatuluka chikuposa chimene matola amalipitsa pa thumba, ndiye kuti pikapuyo si ya bizinesi imeneyo. Mankhwala ake si kuwonjezera masamba. Ndi kupeza katundu wobwerera, monga shuga, sopo, mafuta ophikira ndi feteleza wa eni magolosale a kumudzi, kuti galimoto isabwere yopanda kanthu, kapena kusonkherana ndi anzake n'kubwereka lole.

Pali kusintha kwina kumene kumalipira msanga ndipo sikuvulaza galimoto. Zitsulo za m'mbali zokwezera bodi n'zothandiza kwa wonyamula katundu wotenga malo koma wopepuka: mtedza wosaswa, kabichi, madengu a tomato opita ku Wakawaka. Matumba a mtedza wa makoko amadzaza bodi kulemera kusanafike pa tani. Koma zitsulozo zikhale za mapaipi opepuka, pakuti kilogalamu iliyonse ya chitsulo chowonjezera ndi kilogalamu ya katundu imene yachotsedwa, ndipo katundu akakwera kwambiri galimoto imapendama pokhota. Lona labwino ndi zingwe zimapulumutsa soya ku mvula ya mwadzidzidzi. Pansi pa bodi pakayalidwa matabwa kapena labala, malata sabooka msanga.

Matayala ndi pena pamene anthu amadzinamiza. Tayala la kaunjika la galimoto yaing'ono limalowa bwinobwino pa limu ya pikapu, koma silinapangidwire katundu. La pikapu limakhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi, monga 195R14C. M'mbali mwa tayala mulinso manambala anayi osonyeza msinkhu wake: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano akuya koma labala yake itauma ndi ukalamba, ndipo lotero limaphulika pa phula lotentha la msewu wa Mchinji mu October, osati pakhomo.

Za mabuleki sipafunika mawu ambiri. Mapaipi a labala, masilinda a m'magudumu ndi mapadi zisinthidwe zonse galimoto isanatuluke pageti, ndipo m'kabotolo mulowe mafuta a mabuleki enieni. Madzi a sopo amene ena amathiramo pothawa mtengo amadya zitsulo m'kati, ndipo akatentha phazi limangofika pansi.

Injini ndiyo imadya ndalama zambiri, koma ndiyo ingathe kudikira, chifukwa injini yofooka imangochedwetsa munthu, siimupha. Apa funso limakhala loti kukonza yomweyo kapena kugula ina yakale yochokera kunja. Ambiri amalakalaka kuchotsa ya petulo n'kuika ya dizilo. Zimatheka, koma si kungonyamula n'kukhazika. Ya dizilo ndi yolemera, imafuna zogwirira zina, batire lalikulu, kawirikawiri giyabokosi ina, ndipo nambala yatsopano iyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic, apo ayi COF idzavuta. Wogula injini ya 2L kapena 3L asinthe lamba wa taimingi nthawi yomweyo, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi watsopano, chifukwa akaduka amawononga mavavu. Injinizi zimadananso ndi kutentha. Rediyeta yotsekeka ndi dothi la madzi a pachitsime imang'ambitsa hedi, ndipo mtengo wa hedi ndi wa mbuzi zingapo. Komanso m'nyengo zosowa mafuta, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2024, dizilo wa m'zigubu wosakaniza ndi palafini wapha mapampu ambiri. Sefa yachiwiri ya mafuta ndi yotchipa kuposa kukonzetsa pampu.

Ntchito ya pakhomo ili ndi malire ake. Mwini galimoto ndi ana ake angathe kupala dzimbiri, kutsuka thanki, kusintha oyilo, mabushi ndi mawaya oola. Kuboola injini, kuyeza pampu ndi kuwotcherera chesesi ndi za anthu amene anaphunzira, ndipo m'derali alipo achinyamata amene anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Makaniko alipidwe pa ntchito imene yatha, osati ndalama zonse patsogolo, ndipo masipeya akagule mwini wake atanyamula chitsulo chakalecho m'manja kuti akayerekeze. Chochotsedwa chilichonse chibwerere kwa mwini. Galimoto zambiri zogona pa njerwa sizinafe ndi matenda, zinatha ndi kubwerekedwa: lero sitata, mawa alitaneta, mkuja kabuleta, onse akulonjeza kubweza Loweruka.

Pogwira ntchito pansi pa galimoto, jeke yokha si yodalirika, ndipo njerwa zowotcha zimaphwanyika mosachenjeza. Zitsa zolimba za mtengo ndizo zimagwira. Powotcherera, batire lichotsedwe, ndipo thanki ya petulo, ngakhale yopanda kanthu, ichoke kaye pagalimoto, chifukwa mpweya wotsala m'menemo ndi umene umaphulika.

Chimene chimapweteka kwambiri amalonda ndi kumene ndalama zokonzera zimachokera. Pikapu yakale siuza munthu mtengo wake wonse tsiku logula. Akatsegula apa, papezeka china apo. Wamalonda amene akutapa mu mpamba wa mbewu kuti amalize galimoto amafika mwezi wa May, mtedza ndi soya zili mbwee m'midzi, galimoto ili yonyezimira koma alibe chogulira katundu woti inyamule. Woipitsitsa ndi amene watenga katapila kapena ngongole ya banki m'khonde, chifukwa chiwongoladzanja chimayenda mwezi ndi mwezi pamene galimoto ili chiimire. Ndalama za pikapu zikhale ndi thumba lakelake, zochokera m'phindu, ndipo ntchito iyambe pamene malonda a mbewu atha, cha mu September, kuti pofika April galimoto ikhale itayesedwa kale maulendo angapo yopanda katundu.

Pomaliza pa zonse pamabwera chiyeso cha anthu. Pikapu ikayamba kuyenda pakati pa Nambuma ndi tawuni, okwera amaimika okha m'mbali mwa msewu, ndipo ndalama yawo ndi yapompopompo. Inshulansi ya galimoto yonyamula katundu kawirikawiri siteteza anthu olipira amene akhala pamwamba pa matumba. Ngozi ikachitika, mwini galimoto amayang'anizana yekha ndi apolisi, chipatala ndi abale a ovulala, ndipo amagulitsa pikapu, golosale, nthawi zina ndi munda womwe. Wofuna kunyamula anthu akafunse kaye ku Road Traffic ndi ku kampani ya inshulansi za chilolezo choyenera ndi mtengo wake, n'kuuphatikiza pa chiwerengero chija cha matumba 20.