Lei Feng amabwera mu March, n'kupita mu April

Pa 5 March chaka chilichonse, ana asukulu ku China amatuluka ndi matsache kukasesa m'misewu, ena kukachezera okalamba. Amatero pokumbukira Lei Feng, msilikali wa ku Hunan yemwe anakula wamasiye ndipo anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 21, mtengo utamugwera pomwe ankalondolera lole yobwerera m'mbuyo. Chaka chotsatira, Mao Zedong anauza dziko lonse kuti liphunzire kwa mnyamatayu. Boma linafalitsa buku la zomwe akuti ankalemba tsiku ndi tsiku, komanso nkhani zoti ankachapira anzake zovala ndi kupereka tindalama take kwa ovutika.

Kuthandiza ena n'chinthu chabwino, ndipo sindikutsutsa ana osesawo. Chondivuta ndi zithunzi. Akuti Lei Feng ankachita zabwino mobisa, komabe pali zithunzi zambiri zomuonetsa akuzichita, m'nthawi yomwe kamera inali yosowa. Ankamujambula ndani? Anzanga ophunzira amene munamva phunziro la riya ku madrasa mukudziwa kale chifukwa chomwe funsoli lilili lolemera. Komanso bukulo limatamanda kwambiri kumvera Chipani ndi Mao, moti mwana wowerenga sangasiyanitse chifundo ndi kugonjera olamula. Anthu a ku China eniake amaseka kuti Lei Feng amabwera mu March, n'kupita mu April.

Mayeso enieni anafika mu October 2011 mumzinda wa Foshan. Mwana wamkazi wa zaka ziwiri anagundidwa ndi magalimoto awiri mumsika, ndipo kamera inaonetsa anthu 18 akumudutsa ali chigonere. Amene anaima ndi mayi Chen Xianmei, otola zinyalala. Mwanayo anamwalira patapita masiku.

Sindikhulupirira kuti odutsawo anali asanamvepo za Lei Feng. Ambiri ku China anati vuto linali mantha. Mu 2007 khoti la ku Nanjing linalamula Peng Yu kulipira gawo la ndalama za chipatala za mayi wokalamba yemwe anagwa pokwerera basi. Woweruza anaganiza kuti munthu wosalakwa sakanavutika kuwaperekeza kuchipatala. Pambuyo pake akuluakulu a mzindawo anati Peng Yu anawagundadi mayiwo, koma uthenga unali utafika kale m'makomo: ukadzutsa wakugwa, mlandu ukhala wako.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti boma linachita chanzeru kuposa zikwangwani zonse. Kuyambira pa 1 October 2017, lamulo la dzikolo limati munthu amene wathandiza mnzake pangozi mwa kufuna kwake sangalipitsidwe ngati wothandizidwayo wavulala pothandizidwapo. Makolo ndi a komiti, tikamauza ana athu kuti azithandiza ovulala pamsewu, tidzifunse ngati tidzaima nawo tsiku lomwe wina adzawaloze chala kuti ndiwo anamugwetsa.