Buleki ikalira, tiyambe tamva chomwe ikunena

Ndati ndilankhuleko za phokoso lomwe ife a m'tauni tidalizolowera ngati kulira kwa tambala. Imani pa siteji iliyonse ku Limbe kapena ku Lilongwe m'mawa, mudzamva minibasi ikuima ndi "tswiii" wake, kondakitala ali pakhomo kuitanira. Apaulendo timangokwera, ena n'kumaseka kuti yafika yoimba ija. Ine ndidasiya kuseka.

Kagalimoto kanga ka Toyota, komwe ndimapikulira katundu wa geni yanga, kadayamba kulira ndikaponda buleki. Kunena zoona, chidandipweteka ndi manyazi, osati mantha. Ndidapita pa galaja ina ya pansi pa mtengo, mnyamata n'kundiikira mapadi otchipa a m'bokosi lopanda dzina la fakitale. Sabata isanathe phokoso lidabwerera, malimu akutsogolo ali bii ngati kunsi kwa mphika. Nditadandaula adangoti, "Bwana, osadandaula, azolowera amenewo." Ndidamvera.

Tsiku lina ndikutsika mapiri opita ku Chikwawa nditadzaza katundu, ndidamva fungo la chinthu chopserera. Phazi lili pa buleki, koma galimoto ikungopitabe. Chidandipulumutsa ndi giya yaing'ono ndi chisomo cha Mulungu. Nditafika kuchidikha ndidakhala pansi m'mbali mwa msewu, miyendo ikunjenjemera.

Kuchokera pamenepo ndidafunsa amakaniko odziwa ntchito yawo, ndipo zomwe ndidaphunzira ndi izi. Kulira kwa buleki kuli mitundu ingapo. Galimoto ikagona panja pa mvula, disiki imachita dzimbiri pang'ono ndipo imalira m'mawa, koma ukaponda kangapo zimatha. Kwina kumabwera chifukwa padi ikunjenjemera pa disiki, makamaka makaniko akataya timalata topyapyala tokhala kumbuyo kwa padi, poganiza kuti n'topanda ntchito. Kwina ndi padi yomwe idapsa n'kusalala ngati galasi. Koma kulira koopsa ndi kwa kachitsulo komwe opanga adaika dala pa mapadi ambiri. Padi yatsopano imakhala ya mamilimita 10 kapena 12. Ikatha n'kutsala 2 kapena 3, kachitsuloko kamakhudza disiki n'kuyamba kukuwa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga bwanji ena amakapinda kachitsuloko kuti kakhale chete, mnansi n'kumutseka pakamwa?

Ena anena kuti, "Iwe ukufuna tizigula za kwa dila, ndalama zake tizitenga kuti?" Ndikumva. Galimoto zathu zambiri ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo masipeya onse amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zovuta kupeza. Sindikunena kuti padi iliyonse yopanda dzina la Toyota kapena Nissan ndi yoipa, ayi. Makampani monga Akebono, Bosch ndi Ferodo amagulitsa mapadi m'mabokosi awoawo, ndipo ndi abwino ndithu. Ku Ulaya kuli lamulo lotchedwa R90, loti padi yosinthira isasiyane ndi yoyambirira kuposa 15 peresenti pa kagwiridwe kake, ndipo chizindikirocho chimalembedwa pa bokosi ndi kumbuyo kwa padi. Vuto lathu ndi katundu wopanda mwini, komanso wachinyengo wovala bokosi la ena. Mtengo ukatsika modabwitsa, funsani. Safunsa adadya phula.

Posankha, dziwani ntchito ya galimoto yanu. Mapadi a seramiki salira kwambiri ndipo fumbi lake n'lochepa, choncho amayenera kagalimoto koyendera m'tauni. Osakaniza ndi chitsulo amadetsa malimu ndipo amadya disiki msanga, koma amapirira kutentha. Wonyamula matumba a chimanga potsika Chiweta kapena Khwekhwerere asasankhe padi chifukwa chofuna malimu owala.

Padi yabwino pa disiki yakutha ndi ndalama zotaya. Disiki iliyonse ili ndi muyeso wotsiriza womwe adadinda pa chitsulo chake. Ikapyapyala kupitirira pamenepo, kapena ikakumbika mizere yakuya, isinthidwe, osati kukaipala kachitatu. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, apo ayi galimoto idzakokera kumodzi. Girisi apakidwe pa timapini toyendapo buleki, asakhudze nkhope ya padi. Mukamanga zatsopano, pezani msewu wopanda anthu, muyende 50 km pa ola n'kumachepetsa liwiro mofatsa kangapo osaima, kuti padi ndi disiki zigwirizane. Mafuta a buleki nawo amayamwa chinyontho ndipo akatentha amawira. Opanga ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri. Alipo angati mwa ife adawasinthapo?

Za fumbi, ife eni galimoto timangoona kuda kwa malimu. Ine ndimaganizira anyamata a m'magalaja omwe amalipemerera ndi kompuresa, ena ndi pakamwa penipeni. Kale mapadi ankapangidwa ndi asibesitosi, yemwe amayambitsa khansa ya m'mapapo patapita zaka zambiri. Japan idamuletsa m'mabuleki mu 2004, mayiko a European Union adamuletseratu mu 2005, South Africa mu 2008. Koma padi yopanda dzina, ndani angalumbire chomwe chili m'kati mwake? Fumbilo litsukidwe ndi madzi kapena nsalu yonyowa, lisauluzidwe.

Pempho langa kwa a Malawi Bureau of Standards ndi loti maso awo afike pa mashelefu a masipeya monga momwe amafikira pa mafuta ophikira ndi sopo. A zamsewu popereka COF aziyang'anitsitsa mabuleki, chifukwa pepala pa galasi siliimitsa minibasi.

Nanunso ana a sukulu ndi amayi a geni omwe mumakwera tsiku ndi tsiku, muli ndi pakamwa. Mukamva chitsulo chikukukuta chitsulo, muuzeni dalaivala, ndipo akachita mwano tsikani mudikire ina. Kuchedwa ku kalasi kapena kumsika kuli ndi mawa lake. Ine mwayi wanga ndidaudyera pa mapiri a ku Chikwawa, ndipo sindikuyembekezera wachiwiri.