Tiwerenge mipira, osati mawiketi okha

Masapota a kiriketi mu Blantyre muno ndi ochepa, sangadzaze ngakhale mbali imodzi ya Kamuzu Stadium. Koma akayamba kukangana, phokoso lawo silisiyana kwenikweni ndi la Maule ndi Manoma. Funso limakhala lomwelomwelo: woponya mpira wabwino ndi uti? Yankho limathamangira kwa mnyamata waliwiro, uja amayambira kutali n'kufika akuuluka, mpira n'kudutsa womenya asanakweze n'komwe thabwa lake. Akagwetsa timitengo titatu tija, anthu amaimirira, nkhani yatha, dolo ndi ameneyo. Ine ndikukana. Ndikuti kuyamikira kwathu kukupita polakwika, ndipo amene adzalipire ndi misana ya ana.

Kwa amene mukudabwa kuti kiriketi yalowa bwanji m'ndime ino, dziwani kuti ku Nyambadwe kuno si mlendo. Mu Novembala 2019 bwalo la sukulu ya Saint Andrews linalandira masewero a Kwacha Cup pakati pa Malawi ndi Mozambique. Amayi athu anasewerera pomwepo masewero awo onse asanu ndi awiri n'kupambana 4-3. Abambo anayambira ku Lilongwe Golf Club, kubwera ku Indian Sports Club, n'kudzatsirizira ku Saint Andrews atapambana 5-1. Kwa abambowo, amenewo anali masewero oyamba a T20 kulowa m'mabuku a bungwe loyang'anira kiriketi pa dziko lonse la ICC, popeza chaka chomwecho ndi pamene bungweli linayamba kuwerengera masewero a mayiko ang'onoang'ono ngati lathu. Chiyambire pamenepo maina ngati Moazzam Baig, Sami Sohail, Gift Kansonkho ndi Daniel Jakiel akhala akumveka, ndipo mu 2024 timu yathu inakhala yachiwiri ku Dar es Salaam, pambuyo pa Tanzania, pa mpikisano wolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse.

Mu T20 timu iliyonse imaponyeredwa maova 20. Ova imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi, ndipo woponya mmodzi saloledwa kupyola maova anayi, ndiye kuti ali ndi mipira 24 yokha yoonetsera luso lake. Tiyerekeze anyamata awiri. Woyamba watulutsa omenya atatu koma amumenya marani 48. Wachiwiri sanatulutse aliyense koma wangopereka marani 18. Mawa lake chithunzi chimene chiyende pa WhatsApp ndi cha woyamba uja. Koma wapambanitsa timu ndi wachiwiriyo, ndipo kawirikawiri ndiyenso wapha nyama imene mnzake wanyamula pamutu polowa m'mudzi. Womenya akakhala mipira isanu osapeza kanthu, mtima umayamba kuthamanga. Ova yotsatira amamenya mpira wosayenera kumenyedwa, n'kugwidwa kumalire kwa bwalo. Buku limalemba dzina la amene waponya mpira womalizawo. La amene anamupanikiza silioneka paliponse. Bukulo silinenanso za mipira imene anzake anaigwetsa ili kale m'manja, kapena kuti woponyayo anapatsidwa maova asanu ndi limodzi oyambirira aja, pamene ogwira awiri okha ndi amene amaloledwa kuima kutali. Amene wapereka marani ochepa pa nthawi imeneyo wagwira ntchito yoposa ya amene watulutsa omenya awiri omalizira, anthu oti ngakhale thabwa amaligwira mwamantha.

Anzathu a baseball ku America anakangana nkhani yomweyi kwa zaka zambiri. Kumeneko woponya ankayezedwa ndi chiwerengero cha masewero amene walembedwa kuti wapambana, chonsecho kupambanako kumadalira anzake omenya. Mu 2018 Jacob deGrom wa New York Mets anapambana masewero 10 okha n'kugonja 9, zimene mwa kawerengedwe kakale n'za munthu wamba. Komabe anapatsidwa mphoto ya Cy Young, ya woponya woposa onse mu ligi yake, chifukwa pa ndime zisanu ndi zinayi zilizonse, zimene ndi sewero lathunthu, ankangopereka marani 1.70. Anzake ndi amene sankamenya, ndipo olemba nkhani amene amavota anaziona. Mbali imeneyi tiitengere.

Imene sitiyenera kutengera ndi inayo. Kumeneko amayezanso liwiro la mpira uliwonse, nambala n'kumaoneka pa chikwangwani m'bwalo anthu onse akuona. Matimu anayamba kulipira liwiro, ndiye achinyamata anayamba kuponya mpira uliwonse ndi mphamvu zonse, popanda wosungira mawa. DeGrom yemweyo anafika pomaponya mipira ya makilomita 160 pa ola. Mu Disembala 2022 timu ya Texas Rangers inamupatsa kontrakiti ya zaka zisanu ya madola 185 miliyoni. Anangoyamba masewero asanu ndi limodzi, mu Juni 2023 n'kukagona pa tebulo la opaleshoni ya chigongono, kachiwiri pa moyo wake. Shohei Ohtani nayenso chigongono chake anachitsegula mu 2018 ndi mu 2023. Mu Disembala 2024 ligi ya MLB inatulutsa lipoti lake lovomereza kuti kulimbirana liwiro ndi kuponya ndi mphamvu zonse ndi zimene zikutsogolera pa kuvulala kwa oponya.

Opaleshoniyo imatchedwa ndi dzina la Tommy John, woponya wamanzere wa Los Angeles Dodgers. Mu 1974 dokotala Frank Jobe anatenga mtsempha pa mkono wake wamanja n'kuulowetsa m'malo mwa umene unaduka m'chigongono cha kumanzere. John anabwerera mu 1976 n'kusewera mpaka 1989. Ndi nkhani yokoma, koma kukoma kwake kwapusitsa ambiri. Anthu anayamba kuona chigongono ngati chinthu chongosinthitsa, kuiwala kuti munthu amakhala kunja chaka chathunthu kapena kupyola, ndiponso kuti si onse amabwerera mmene analili.

Wina anganene kuti za ku America n'za ku America, kiriketi njosiyana. Njosiyanadi. Lamulo limaletsa woponya wa kiriketi kugenda: mkono ukafika pa phewa, chigongono chisawongoke kupyola madigiri 15, malire amene ICC inaika mu 2005 pambuyo pa mikangano ya kaponyedwe ka Muttiah Muralitharan wa ku Sri Lanka. Koma mphamvu imene lamulo laichotsa pa chigongono siisowa, imangosamukira pena. Woponya waliwiro amathamanga, kudumpha, kupondetsa mwendo wakutsogolo mwamphamvu, thupi n'kupindikira kumbali uku likupotoka. Katundu yense amagwera kumunsi kwa msana. Fupa la pamenepo limayamba kamng'alu pang'onopang'ono, makamaka mbali yotalikirana ndi mkono woponyera, ndipo amene ali pachiopsezo kwambiri ndi anyamata amene mafupa awo sanakhwime. Choipa chake n'chakuti sipatupa, sipatuluka magazi. Mwana akati msana ukupweteka, timati wagona molakwika. Akabwerezanso, timati ndi ulesi.

Pat Cummins wa ku Australia anayamba sewero lake loyamba la Test mu Novembala 2011 ku Johannesburg, pa bwalo lotchedwa Wanderers, ndipo a Manoma musayambe kunyadira, si lanu. Anali ndi zaka 18, anatulutsa omenya asanu ndi mmodzi a South Africa m'ndime imodzi, dziko lonse n'kuimba m'manja. Sewero lake lachiwiri la Test linadzabwera mu Malichi 2017. Zaka zonse za pakatipo zinathera m'kuvulala, makamaka kwa msana. Anadzakhala kaputeni n'kutenga chikho cha dziko lonse mu 2023, koma n'chifukwa chakuti dziko lake linali ndi ndalama, madokotala ndi mtima womudikirira. Jasprit Bumrah wa ku India anakachitidwa opaleshoni ya msana ku New Zealand mu 2023. Jofra Archer wa ku England wataya nyengo zingapo chifukwa cha mng'alu wa m'chigongono, kusonyeza kuti ngakhale chigongonocho sichinapulumukiretu.

Nanga kuno? Madokotala a mafupa tili nawo, ku Queens, ku Beit CURE ndi ku LION ku Lilongwe, ndipo ndi akatswiri. Koma pamzere wawo pali anthu othyoka pa ngozi za kabaza ndi ana obadwa ndi mapazi opindika, ndipo n'koyenera kuti amenewo ayambe. Mnyamata amene msana umamupweteka akamaponya mpira basi sadzafika n'komwe pamzerepo. Adzangosiya kubwera ku bwalo, ife n'kumati walowerera. Oponya aliwiro tili nawo owerengeka pa zala. Tikataya mmodzi, palibe khamu limene likudikira kumbuyo kwake. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala, koma ife tikufuna mkandawo lero, pa sewero la masukulu la Loweruka.

Za mayunifolomu ndingodutsamo, ngakhale ndi zimene zimatenthetsa mitu. Mu 2024 osewera a MLB anadandaula poyera ndi yunifolomu yatsopano ya Nike, kuti mathalauza anali opyapyala moonekera mkati, zilembo za kumsana zazing'ono, thukuta n'kumadinda, mpaka ligi inalonjeza kusintha. Mu kiriketi akadalipo amene amati masewera enieni ndi a zovala zoyera, chonsecho chikho cha dziko lonse chinayamba kuseweredwa m'zovala zamitundu mu 1992. Amene amakonda zoyerazo ndikuganiza kuti sanachapepo thalauza la mwana amene wagwera pa dothi lofiira la kuno. Sindikunyoza nkhani ya jezi ayi. M'tauni ino, mmene kuvala kofiira kapena kobiriwira kwa buluu kumatha kukusankhira mpando wokhala, tikudziwa kuti mtundu si chinthu chaching'ono. Koma chovala chimene chimasunga woponya si jezi, ndi nsapato. Mwendo wakutsogolo uja umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo pa mpira uliwonse, ndipo ukamaponda pa simenti kapena pa nthaka youma gwa ya mu Okutobala ndi nsapato yosalala ya pa kaunjika, bondo ndi msana ndi zimene zimamva. Wothandiza timu akabwera ndi ndalama, agule nsapato za oponya kaye, dzina la kampani yake asindikize pambuyo.

Mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi kuwerenga. Kwa zaka zambiri bungwe la ECB ku England linkagwiritsa ntchito malire awa kwa oponya aliwiro achichepere: osapyola zaka 13 aziponya maova asanu motsatizana ndi 10 pa tsiku, a zaka 14 ndi 15 asanu ndi limodzi ndi 12 pa tsiku, okulirapo asanu ndi awiri ndi 18. Pa sabata asaponye masiku opyola anayi, ndipo asaponye masiku atatu otsatizana. Mu Little League ya baseball, mwana wa zaka 11 kapena 12 akafika mipira 85 amachotsedwa, kaya timu ikupambana kaya ikugonja.

Pa sewero lenileni la T20 vuto ndi lochepa, mipira 24 siithyola munthu. Vuto lili pokonzekera, pamene palibe woyimbira kapena wolemba. Mnyamata waluso ndi amene aliyense amamufuna. Lolemba ali ku timu ya sukulu, Lachiwiri ku kalabu, Lachitatu akuluakulu amuitana kuti adzawaponyere popeza ndiye waliwiro yekha, ndipo mwana wa Chimalawi sangakane achimwene ake atamuitana. Aliyense wa aphunzitsiwo amaona ngati wamugwiritsa ntchito pang'ono. Palibe amene waphatikiza.

Pempho langa kwa oyendetsa kiriketi m'dziko muno ndi aphunzitsi a m'sukulu ndi ili: woponya waliwiro aliyense wosakwana zaka 19 akhale ndi kope lake, la mtundu womwewu wa ku pulayimale, liziyenda naye m'chikwama cha nsapato. Mphunzitsi aliyense amene wamuponyetsa alembe tsiku ndi chiwerengero cha mipira, asayine. Wa ku sukulu ndi wa ku kalabu aziona kope lomwelo. Ngati malire a sabata akwana Lachinayi, Loweruka mnyamatayo akaime kumalire azigwira mipira, ngakhale litakhala tsiku la fainolo. Adzakwiya, masapota adzang'ung'udza, ndipo mwina timu idzagonja. Maova akewo apatsidwe mnzake wopotoza mpira pang'onopang'ono, uja amangopereka marani 18.