Mubwezeleni Mwana Foni Yake

Mwezi watha mwana wa asisi anga, mnyamata wa zaka 17, analandidwa foni kuchalichi. Pa nthawi yopuma ya kwaya, mkulu wina anamupeza ali na mahedifoni m'makutu. Anazula imodzi, anamvelako masekondi asanu chabe, basi mlandu unatha: nyimbo za Satana. Madzulo kunyumba kunali mapemphelo. Palibe olo mmodzi anafunsa mwanayo kuti oimbawo ni ndani, akamba chiyani, nanga akwiyila ndani. Nyimboyo inali ya gulu la ku America lochedwa Ministry, ndipo amene anali kunyozedwa mmenemo si Mulungu iyayi. Ni pulezidenti.

Nikamba za industrial metal. Ngati simunaimvelepo, ganizilani za shopu yowochelela mageti ku Kalingalinga, pafupi pake chigayo chilila, ndiye wina abwele na gitala yolemela aziimba motsatila chongo chonsecho. Ng'oma zambili amaziliza na makina, osati na manja, ndipo pamwamba pake amaikapo mau odula ku wailesi, ku TV na kumafilimu. Siikoma ngati kalindula ya pa ukwati. Sanaipangile kukoma.

Chongo chimenechi chili na kwawo. Mu 1976 ku London, gulu la Throbbing Gristle linatsegula kampani yake yotulutsa nyimbo, Industrial Records, ndipo dzina la mtunduwu linachokela pamenepo. Mu 1980 ku West Berlin, anyamata a Einstürzende Neubauten anayamba kuimba pomenya zitsulo zotola na makina oboolela zipupa. Nayo metal inabadwila ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, kumene Tony Iommi wa Black Sabbath anadulidwa nsonga za zala ziwili na makina a zitsulo ali na zaka 17, msinkhu wa mwana wa asisi anga. Mumzinda womwewo mu 1988 munatuluka Godflesh, anthu awili na makina a ng'oma, pa nthawi imene mafakitale anali kutsekedwa mu ulamulilo wa Margaret Thatcher ndipo anyamata anali kungokhala pa kona. Wa ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 n'kusiyila ana mtovu m'dothi, safunika womumasulila kuti amve zimene zili mu chimbale chawo cha Streetcleaner. Ni kulila kwa tauni imene makina anaidya n'kuilavula.

Manje tibwelele kuli Ministry, gulu la Al Jourgensen la ku Chicago. Mu September 1990, pulezidenti George H. W. Bush anaimilila pamaso pa aphungu a dziko lake n'kulonjeza dongosolo latsopano la dziko lonse. Miyezi inayi pambuyo pake mabomba anayamba kugwa ku Iraq. Mu 1992 Ministry inatulutsa nyimbo ya N.W.O., ndipo chimene anachita n'chosavuta koma n'choluma: anatenga mau a Bush mwini wake, anawadula, n'kuwabweleza pamwamba pa magitala olila ngati mfuti. Sanafunike kukamba kuti pulezidenti ni wabodza. Anangomusiya adzikambile yekha, mobweleza-bweleza, mpaka lonjezo lija linayamba kununkha. Mwana wa Bush atakhala pa mpando n'kubwelelanso ku Iraq mu 2003, Jourgensen anamupangila zimbale zitatu zathunthu: Houses of the Molé mu 2004, Rio Grande Blood mu 2006 na The Last Sucker mu 2007. Banja limodzi, zimbale zonsezo. Kumeneko ndiye kusunga mkwiyo.

Apa m'pamene nifuna akulu athu aime. Wandale saopa chigaza chojambula pa sikipa. Chimene aopa ni kumva mau ake a pa kampeni akumubwelela pa sipika chaka chachitatu, pamene msewu ukali na maenje ndipo magetsi amabwela pakati pa usiku monga mfiti. Nyimbo izi zinadziwa kale kuti umboni woopsa kwambili pa munthu wolamula ni pakamwa pake. Mu 2005 Nine Inch Nails inakana kuimba pa mwambo wa MTV Movie Awards chifukwa eni ake analetsa kuti chithunzi cha George W. Bush chiikidwe kumbuyo kwawo poimba The Hand That Feeds. Chithunzi chabe cha pulezidenti, chosasinthidwa kalikonse, kampani yaikulu inachita nacho mantha. Satana sanali kuopedwa tsiku limenelo.

Ndipo chizolowezi choloza nyimbo chala m'malo moloza vuto si chathu tekha. Mu April 1999, ana a sukulu awili atapha anzawo 12 na mphunzitsi mmodzi ku Columbine, dziko la America linathamangila kuimba mlandu KMFDM, Rammstein na Marilyn Manson. KMFDM, imene Sascha Konietzko wa ku Germany anayambitsa mu 1984, inachita kutulutsa kalata yofotokoza kuti nyimbo zake zimatsutsa nkhondo, kupondeleza na chiwawa. Funso lakuti ana aja mfuti anazipeza bwanji linali lolemela, ndiye ambili anasankha lopepuka. Kuthyola CD n'kosavuta kupambana kusintha lamulo.

Sinidzakunamizani kuti onse oimba mtunduwu ni oyela mtima. Ambili amasewela dala na mitanda, magazi na mayunifomu kuti anthu adzidzimuke, ndipo nthawi zina masewelawo amawapitilila. Rammstein, gulu la anyamata okulila ku East Germany, mu 1998 linaika mu vidiyo yake zithunzi za Leni Riefenstahl, mayi amene anali kujambulila Hitler mafilimu. Anthu anafunsa, ndipo anali na ufulu wofunsa. Mu 2001 gululo linayankha na nyimbo ya Links 2 3 4, kuonetsa kuti m'ndale lili kumanzele, kutali na a Nazi. Chabwino. Koma ngati uyenela kuimba nyimbo yonse kuti ufotokoze kuti sindiwe wa Nazi, penapake unalakwitsa. Mu vidiyo ya Amerika ya 2004, imene imaseka mmene zinthu za ku America zadzazila dziko lonse, ise a mu Africa timaonekamo tikudya pizza kumudzi, monga zokongoletsela nthabwala ya azungu. Zimenezo nazo niziona.

Choipa kupambana n'chakuti chongo chilibe mwini. Asilikali a America anali kulizila akaidi a ku Guantanamo nyimbo zaphokoso kwa maola ambili kuti awathyole mutu, ndipo zina mwa izo zinali za oimba amene amatsutsa nkhondo yomweyo. Trent Reznor wa Nine Inch Nails anadzudzula zimenezi poyela. Gulu la ku Canada la Skinny Puppy, litamva kuti nyimbo zake zinagwilitsidwa nchito kumeneko, mu 2014 linatumizila boma la America bilu ya madola 666,000. Onani nambalayo bwino. Anaisankha dala, kufunsa kuti pakati pa woimba na wozunza mkaidi, chilombo chenicheni ni ndani. Mkulu wa kuchalichi uja akanaona 666 akanathamangila mafuta odzozela, osadziwa kuti bilu ija inali kupita ku boma.

Ise kuno sitiyenela kudabwa na gitala yokwiya. Agogo anu amene lelo akuti metal ni ya ziwanda anavinapo WITCH, Amanaz na Paul Ngozi m'zaka za m'ma 1970, magitala akulila mokalipa kuchokela ku Kopala mpaka ku Lusaka. Ndipo tidziwa bwino mtundu wa nyimbo umene umaitanitsa apolisi. Pilato anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo yonena za pulezidenti, ndipo atatulutsa Koswe Mumpoto anathawila ku South Africa kuchiyambi kwa 2018 poopa moyo wake. Munalibe chigaza m'nyimbo zake. Munali makoswe na poto.

Koma na imwe anzanga a mukomboni nili nanu mau. Mwagula sikipa yakuda ya Rammstein pa salaula ku Soweto Market, mwajambulitsa, mwaika pa Facebook. Nikakufunsani kuti akamba chiyani, mungoti "ni yolimba, boyi". Mukatelo mwafanana na mkulu uja: nonse mwamvela masekondi asanu, iye anathawa, imwe munavala. Mabando amene mumathela pa TikTok angakupezeleni mau a nyimbo na tanthauzo lake m'mphindi ziwili. Ndipo laputopu yakale ija imene mumapangila mabiti a ma dance ingathenso kudula mau. Malonjezo a pa kampeni a zipani zonse ali pa YouTube, aulele. Chigayo chili kuseli kwa nyumba, ndipo foni yanu imajambula mau.

Foni ya mwana wa asisi anga inabwezedwa patapita masiku atatu, nyimbo zonse zitafafanizidwa. Anasiyamo chabe mauthenga a kampani ya kubecha mpila, amene amabwela kasanu pa tsiku. Amenewo palibe anawapemphelela.