Agogo akamapuma movutika, tisadikire mawa

Ana inu, m'thupi mwathu muli asilikali. Sitingawaone ndi maso. Amayenda m'magazi. Kacilombo kakalowa, iwo amamenyana nako.

M'caka ca 2020, kuno ku Moçambique kunafika matenda a Covid-19. Sukulu zinatsekedwa. Kacilombo kake kamalowa m'mphuno, n'kutsikira m'mapapo. Anthu ambiri amacira okha. Koma mwa ena, makamaka okalamba, asilikali aja amamenya nkhondo mopitirira. Zili ngati moto wosakira mbewa: ukakula, umatentha ndi nkhokwe yomwe. Mapapo amatupa, mpweya n'kumacepa.

Kucipatala, wodwala wotere amampatsa mpweya wa okosijeni. Caka comweco ca 2020, madokotala a ku Britain anapeza kuti mankhwala a dexamethasone amacepetsa moto umenewu. Koma amathandiza okhawo amene adwala kwambiri. Munthu wa cimfine wamba angathe kumupweteka. Conco, makolo, musagule mankhwala otere pamsika.

Kuno ku Fonte Boa kumazizira mu Juni ndi Julayi, ndipo cifuwa cimaculuka. Ena amati, “Tiyambe tafukiza bulugamu.” Ife tikuti nthunzi si okosijeni. Munthu akamapuma mofulumira, kapena akamalephera kumaliza mau, pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Zikavuta, ku Ulónguè kuli cipatala cacikulu.

Iwe mwana, uli ndi makutu. Usiku ukamva agogo akupuma movutika, dzutsa amai kapena atate msanga.