Chilala cha ku Amazon chasintha fungo la nkhalango

Mu Okutobala 2023 madzi a mumtsinje wa Rio Negro, pa doko la mzinda wa Manaus m'dziko la Brazil, adatsika kufika pa mamita 12.70, zomwe zidali zisanachitikepo chiyambireni kuyeza mtsinjewu m'chaka cha 1902. Patangotha chaka chimodzi madziwo adatsikanso kuposa pamenepo, kufika pa mamita 12.11. Dziko lonse lidaona zithunzi za mabwato atatsakamira pamchenga, komanso za nyama za m'madzi za mtundu wa dolphin zoposa 150 zomwe zidafa m'nyanja ya Tefé madzi atatentha kupitirira madigiri 39. Koma padalinso kusintha kwina komwe makina ojambulira sakadatha kukugwira. Mpweya womwe mitengo ndi dothi la m'nkhalangoyi zimatulutsa nawo udasintha, ndipo nkhaniyi ikukhudza mitambo, mvula ndi mpweya womwe anthu amapuma.

Aliyense amene adayendapo pakati pa mitengo ya paini ku Chikangawa, kapena kufikisa tsamba la bulugamu m'manja, akudziwa kuti mtengo uli ndi fungo lake. Fungolo ndi timankhwala tomwe timauluka msanga tikangotuluka m'tsamba, m'khungwa kapena m'mizu. Akatswiri a sayansi amatitchula mwachidule kuti ma VOC. Akuyerekeza kuti zomera za pa dziko lonse zimatulutsa matani pafupifupi 1 biliyoni a mankhwalawa pachaka, ndipo theka lake ndi mtundu umodzi wokha wotchedwa isoprene, womwe wambiri umachokera ku nkhalango za m'madera otentha. Ena odziwika ndi a gulu la monoterpene, omwe ndiwo amapatsa paini fungo lake la utomoni. Nalo dothi lili ndi gawo lake: kafungo kokoma komwe timamva mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma kamachokera, mwa zina, ku mankhwala otchedwa geosmin omwe amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi.

Mtengo sutaya chuma chake pachabe. Kuti upange isoprene umagwiritsa ntchito chakudya chomwe wadzipangira kuchokera ku dzuwa, ndipo kafukufuku wambiri akusonyeza kuti mankhwalawa amathandiza tsamba kupirira kutentha. Dzuwa likamawomba kwambiri, mtengo umatulutsa isoprene wochuluka, mpaka tsamba litafika pa madigiri pafupifupi 40, pomwe mphamvuyo imayamba kuchepa. Chilala chikayamba, mtengo umatseka timabowo ta m'masamba kuti usataye madzi, choncho umachepetsa kupanga chakudya. Chodabwitsa n'chakuti supumula kutulutsa isoprene. Umatapa m'nkhokwe zake zamkati, monga momwe banja limagulitsira mbuzi kuti lidutse mwezi wa njala. Chilalacho chikafika posauzana m'pamene nawo isoprene amatsika.

Kuyeza zinthu zotere m'nkhalango yeniyeni n'kovuta, chifukwa palibe angalamule mvula kuti ileke tsiku lakutilakuti. N'chifukwa chake m'chaka cha 2019 gulu la akatswiri pafupifupi 80 lidasonkhana ku Biosphere 2, chinyumba chachikulu cha magalasi ku Arizona m'dziko la America, momwe muli nkhalango yochita kubzala yofanana ndi ya m'madera otentha. Motsogozedwa ndi Christiane Werner wa ku yunivesite ya Freiburg ndi Laura Meredith wa ku yunivesite ya Arizona, pamodzi ndi anzawo, adatseka mvula kwa masabata oposa 9 n'kumayeza chilichonse chotuluka m'masamba ndi m'nthaka.

Zomwe adapeza pa dothi n'zimene zikuyenera kutsegula anthu maso. Nthawi yabwinobwino, tizilombo ta m'dothi lonyowa timadya gawo lina la mankhwala omwe mitengo yatulutsa, kotero kuti nthaka imakhala ngati sefa pansi pa nkhalango. Dothi litauma, tizilomboto tidafooka, sefayo idaleka kugwira bwino ntchito, ndipo nthakayo idayamba kutulutsa mitundu ina ya mankhwala m'malo moyamwa. Izi zikutanthauza kuti mpweya wa pamwamba pa nkhalango yovutika umasintha kuchokera mbali ziwiri: mitengo ikusintha zomwe ikutulutsa, dothi likusintha zomwe likumeza. Kwa zaka zambiri mawerengero a zanyengo ankangoyang'ana masamba, dothi n'kumalitenga ngati mkeka wongoyalidwa pansi. Komatu kale m'chaka cha 2018 kafukufuku wina adasonyeza kuti dothi la ku Amazon pa nyengo zina limatulutsa mankhwala a gulu la sesquiterpene ochuluka mofanana ndi omwe amatuluka m'masamba a kumwamba.

Ku Biosphere 2 komweko kudatulukanso chinthu china chochititsa chidwi. Mankhwala ena a monoterpene, monga alpha-pinene, amapezeka m'maonekedwe awiri ofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere: zonse zili chimodzimodzi, koma limodzi silingalowe m'malo mwa linzake. Joseph Byron ndi anzake a ku Max Planck Institute for Chemistry ya ku Germany adapeza kuti mitundu iwiriyi siichokera malo amodzi mumtengo. Wina umatuluka pomwe tsamba likupanga chakudya, wina umachokera mu utomoni wosungidwa kale. Chilala chikakula, mlingo wa awiriwa umasintha. Gulu lomweli lidayezanso zimenezi m'nkhalango yeniyeni ya Amazon pa chilala cha 2023, pa malo a kafukufuku a ATTO, pomwe pali nsanja yotalika mamita 325 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Manaus, ndipo lidaona kusintha komweko. Mwachidule, munthu wokhala ndi makina oyenera angathe kudziwa kuti nkhalango yadwala masamba ake asanayambe kuyoyoka.

Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi mvula? Dontho lililonse la mumtambo limafuna kanthu kakang'ono koti nthunzi igwirepo, kaya ndi fumbi, mchere wa m'nyanja kapena utsi. Pamwamba pa Amazon m'nyengo ya dzinja mpweya umakhala woyera kwambiri, moti kwa nthawi yaitali akatswiri ankadabwa komwe tinthu timeneti timachokera. Yankho lina lidatuluka mu Disembala 2024 m'magazini ya sayansi ya Nature, kuchokera ku gulu lotsogozedwa ndi Joachim Curtius wa ku Goethe University ya ku Frankfurt, lomwe lidauluka pamwamba pa nkhalangoyi ndi ndege yofufuzira yotchedwa HALO. Adapeza kuti mvula yamabingu ya usiku imakokera isoprene m'mwamba, pa mtunda wa makilomita 8 mpaka 15. Kukacha, kuwala kwa dzuwa kumachititsa kuti isoprene uja aphatikizane ndi mpweya wa nitrogen oxide wopangidwa ndi mphezi, ndipo m'kuzizira kwa kumwambako mumabadwa tinthu tosawerengeka tomwe tikakula timatha kukhala maziko a madontho a mitambo. Tinganene kuti nkhalango imathandiza kufesa mbewu za mvula yake yomwe. Ikadulidwa, kapena ikafooka ndi ng'amba, kafesedweko kamasokonekera.

Pano tisafulumire kuganiza kuti fungo la mitengo n'labwino lokhalokha. Isoprene akakumana ndi utsi wa galimoto, wa mafakitale kapena wa moto wolusa, dzuwa lili phwee, pamapangika mpweya wa ozone pafupi ndi nthaka. Ozone wa kumwamba kwenikweni amatiteteza ku ukali wa dzuwa, koma wa pansi pano amapweteka mapapo ndipo amachepetsa zokolola. M'chaka cha 1988 William Chameides ndi anzake adasonyeza kuti mzinda wa Atlanta ku America unkalephera kuthetsa vuto la ozone chifukwa malamulo ake sankawerengera mankhwala ochokera ku mitengo yozungulira mzindawo. Ena adathamangira kuloza chala mitengo, zomwe n'kuphonya nkhani. Mitengo idayamba kutulutsa isoprene kalekale kusanabwere injini, ndipo chomwe munthu angathe kuchepetsa ndi utsi wake. Kafukufuku wa GoAmazon wa 2014 ndi 2015 adaonetsa zofananazo ku Manaus, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, komwe utsi wa mumzinda ukalowa m'nkhalango umasintha kwambiri kuchuluka kwa ozone ndi tinthu touluka mumpweya. Palinso vuto lina: mankhwala a mitengowa amalimbirana ndi methane chinthu chotchedwa hydroxyl, chomwe chimatsuka mumlengalenga. Hydroxyl akachepa, methane amakhalitsa, ndipo methane amatenthetsa dziko.

Zonsezi zikubweretsa funso pa momwe mayiko akuwerengera mtengo wake wa nkhalango. Pa msonkhano wa zanyengo wa COP30, womwe udachitikira mumzinda wa Belém m'chigawo cha Amazon mu Novembala 2025, boma la Brazil lidakhazikitsa thumba lotchedwa Tropical Forest Forever Facility, lomwe cholinga chake n'kusonkhanitsa madola 125 biliyoni kuti mayiko osunga nkhalango azilandira pafupifupi madola 4 pa hekitala iliyonse pachaka. Ganizoli n'labwino, chifukwa kwa nthawi yaitali mtengo wakhala ukupindulitsa mwini wake pokhapokha utagwa. Koma muyezo wake waukulu ndi zithunzi za setilaiti zoonetsa malo omwe mitengo ikadalipo, omwe yadulidwa ndi omwe yapsa. Misika ya carbon nayo imawerenga matani osungidwa m'thunthu. Nkhalango yomwe yaima chilili koma yatopa ndi zilala ziwiri zotsatizana imaoneka yobiriwira pa chithunzi, pomwe ntchito yake mumlengalenga yasintha kale. M'kuona kwathu, dongosolo lolipira anthu chifukwa chosunga nkhalango likuyenera kuikanso ndalama pa kuyeza thanzi la nkhalangoyo, ndipo fungo lake ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe zimafulumira kuonekera.

Nkhaniyi si ya kutali monga ikumvekera. El Niño yemwe adathandiza kuumitsa Amazon mu 2023 ndi yemweyo adawotcha chimanga kuno kwathu, mpaka Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mitengo yathu nayo ili m'gulu la yotulutsa mankhwalawa kwambiri. Miyezo yomwe idachitika ku Maun m'dziko la Botswana m'chaka cha 2001, pansi pa ntchito ya SAFARI 2000, idasonyeza kuti tsanya, mtengo womwe wadzaza ku Liwonde ndi m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, umatulutsa monoterpene wochuluka dzuwa likawala. Bulugamu, yemwe timabzala pafupifupi paliponse pofuna milimo ndi nkhuni, amadziwika pa dziko lonse kuti amatulutsa isoprene wambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pomwe kutentha kumafika pachimake, dera lonse la kummwera kwa Africa limakutidwa ndi utsi wa moto wa m'tchire, kotero kuti zofunika popanga ozone wa pansi zimakumana pamodzi.

Chomwe chikuchepa ku Africa ndi malo oyezera. Brazil ndi Germany adagwirizana kumanga nsanja ya ATTO, yomwe idatsegulidwa mu 2015, ndipo n'chifukwa chake chilala cha 2023 chidapeza makina ali tcheru. Nkhalango ya Congo, yachiwiri kukula pa nkhalango za mvula yambiri pa dziko lonse, idapeza nsanja yake yoyamba yoyezera mpweya, ya mamita 55, ku Yangambi m'chaka cha 2020.