ZA UMOYO PA MUDZI: Mafuta Pamphuno, Kutuwa M'masaya

Mlimi aliyense wa m'boma la Chongwe adziwa kuti munda wa ku dambo ndi munda wa kumtunda salimidwa mofanana. Wina usunga cinyezi, wina uuma msanga. Nkhope ya anthu ambili, makamaka atsikana ndi anyamata osinkhuka, ili cimodzimodzi: pamphumi, pamphuno ndi pacibwano panyezimila ndi mafuta, pamene masaya atuwa mbuu, nthawi zina ndi kufunduka. Awa si matenda ayi, ndipo si cizindikilo ca uve. Ndi cibadwa cabe.

Pansi pa khungu pali timatumba ting'onoting'ono timene tipanga mafuta ochinjiliza thupi. Timatumbati ticuluka pakati pa nkhope, koma m'masaya ticepa. Cifukwa cace nkhope imodzi ifuna cisamalilo ca mitundu iwili.

Nyengo nayo iwonjezela bvutoli. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizila ndi kuuma kwa mpweya kumwa cinyezi ca m'masaya, ndipo mphepo ya Ogasiti ibwela ndi pfumbi. Pofika Okutobala, pamene Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ayang'ana kumwamba kudikila mvula, dzuwa liotcha, thukuta ndi mafuta zisakanizika, ndipo ziphuphu zibuka. Amai ophika pa nkhuni ndi abambo ootcha malasha alandilanso utsi ndi kutentha kumaso tsiku ndi tsiku.

Colakwa coyamba cimene ambili acita ndico kusamba kumaso ndi sopo wocapila zobvala, poganiza kuti mafuta a pamphuno adzathelatu. Sopo wotele ndi waukali. Acotsa mafuta ocepa amene masaya anali nawo, khungu ndi kuyamba kuthetheka, koma pamphuno mafuta abwelanso maola ocepa asanathe, pakuti timatumba tija sitileka nchito. Kukhula ndi mwala kapena cinkhupule cokhakhala kungowonjezela zilonda.

Colakwa caciwili cibwela pambuyo pace. Munthu poona masaya atatuwa apaka Vaseline nkhope yonse mpaka kung'anima. Masaya apezadi bwino, koma pamphumi ndi pamphuno pamata pfumbi ndi thukuta. Mafuta a m'tsitsi otsikila pamphumi nawonso atseka timabowo ta khungu ndi kubala tiziphuphu tambilimbili m'mphepete mwa tsitsi.

Njila yabwino ndi yapafupi, ndipo sifuna ndalama zambili. Nkhope isambidwe kawili cabe pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosambila wosanunkhilitsa. Thobvu licite nchito yace pamphumi, pamphuno ndi pacibwano. M'masaya lingopita msanga. Sopo atsukuluzidwe bwino, pakuti madzi a m'zitsime zakuya m'malo ambili a cigawo ca Lusaka ali ndi laimu, ndipo sacotsa sopo msanga. Popukuta, nsalu yoyela ingogunditsidwa pa khungu, osakwecha.

Khungu likali ndi cinyezi, kadontho ka gilisalini kosakaniza ndi madzi m'dzanja, kapena Vaseline wocepa ngati njele ya mapila, apakidwe m'masaya ndi pamilomo pokha. Pakati pa nkhope pasiyidwe. M'cisanu masaya angafune kudzola kawili. M'cilimwe kamodzi kakwana. Wopita kumunda abvale cipewa cacikulu. Ziphuphu zisafinyidwe, cifukwa pa khungu lakuda zisiya mawanga amene akhala miyezi yambili. Nsalu yotsamila icapidwe mlungu uliwonse.

Koma ngozi yoposa zonsezi ili m'timacubu togulitsidwa m'misika ya ku Lusaka ndi m'tuntemba, timene ogulitsa ati tisalalitsa nkhope ndi kuiyeletsa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Mafuta ambili otele ali ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a steroid amene ayenela kulembedwa ndi dokotala yekha. Masabata oyamba nkhope ioneka yowala, koma pambuyo khungu lipyapyala, ziphuphu ziculuka, ndipo dzuwa lilitentha mosabvuta. M'caka ca 1975 madokotala a ku South Africa anafotokoza za mawanga akuda bii, obvuta kucotsa, pa nkhope za amai amene anadzola hydroquinone zaka zambili, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola. Mercury aononga impso ndi mitsempha, ndipo angafike kwa mwana ali m'mimba kapena woyamwa. Pangano la Minamata la 2013, limene Zambia inalowamo, lilimbana ndi zodzola zokhala ndi mercury. Ndalama ya cimanga kapena nshawa, yopezeka mwa thukuta la caka conse, isathele pa cinthu coononga mwini wace.

Ngati khungu lifiila, liyabwa ndi kufunduka m'mbali mwa mphuno ndi m'nsidze, kapena ziphuphu zili ndi mafinya ndi kusiya zipsela, munthu apite ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala ca boma ca Chongwe. Matenda a khungu obvuta atumizidwa ku University Teaching Hospital mu Lusaka. Amene anazolowela kale mafuta oyeletsa atenge kacubuko popita ku cipatala, kuti anamwino aone cimene cilimo ndi kumlangiza za kalekedwe kace, pakuti kuleka steroid mwadzidzidzi kuukitsa khungu.

Amai ndi alangizi a atsikana aphunzitse ana zimenezi akali aang'ono, asanamve za m'misika.